Chikombole cha a Nambewe

A Nambewe tinawaika m'manda Lachinayi lapitali ku Pembamoyo, mphepo ya Juni ikuluma m'makutu. Uthenga unandipeza ndili m'kalasi ku Mlolo, kumene ndimaphunzitsa, ndipo pofika pasiwa ndinapeza njinga za aphunzitsi zitatsamira pamitengo ngati tsiku la msonkhano wa zoni. Abusa ananena za mayi wa chigwirizano amene sankajomba mapemphero. Achibale ananena za mayi amene analera ana atatu a mng'ono wawo osadandaula. Zonsezo nzoona. Koma panalibe amene anatchula ntchito imene ife aphunzitsi tinkawadziwira nayo, mwina poti njovuta kuifotokoza pamaso pa anthu olira. Ndiye ndati ndiilembe ine.

Dzina lawo la m'mabuku linali Esinati Mbewe, koma sindinamvepo munthu akuwaitana choncho. Anali a mawu aakulu, ankavala magalasi omangidwa ndi ulusi wakuda mbali imodzi, ndipo ukawapeza akutayipa sankayankha moni mpaka mzere utatha. Ambiri ankawayesa onyada chifukwa cha zimenezo. Akamaliza mzerewo ankatembenuka n'kukufunsa za kunyumba mmodzimmodzi, mpaka mwana amene unawauza chaka chatha kuti akutsokomola.

Ntchito anayambira pa boma ali mtsikana, monga wotayipa mu ofesi ina ya zamaphunziro. Anali masiku a sitensulo, mapepala ochulukitsira makalata aja, pamene ukalakwitsa chilembo chimodzi unkapaka mankhwala n'kudikira aume. Ankakonda kunena kuti sitensulo ndiyo inawaphunzitsa kuwerenga kawiri asanagunde kamodzi. Atapuma pantchito anabwerera kwawo ku Pembamoyo, napempha kiyi wa kachipinda kena pamalo pamene aphunzitsi a zoni timakumanirana. M'kachipinda mmenemo ndimo munkachokera mafomu a malikisi a masukulu athu onse.

Pamene makompyuta anafika m'masukulu, limodzi ndi sola, tinkaganiza kuti mavuto a malikisi atha. Anangosintha nkhope. Sukulu iliyonse inkadzijambulira tebulo lake. Wina ayambe ndi atsikana, wina asakanize onse, wina aike masamu patsogolo, wina kumapeto, wina aiwale dzina la sukulu lenilenilo. Nthawi ya moko, mayeso oyeserera a giredi 7, ikakwana, munthu wophatikiza zonsezi ankatha sabata yathunthu akukopera pamanja zimene zinali kale pakompyuta.

A Nambewe anapanga fomu imodzi yokha. Achinyamata ankaitchula kuti tempuleti, iwo ankati chikombole, monga choumbira njerwa, ndipo dzina lawolo ndilo linakhazikika. Pamwamba panali malo a dzina la sukulu, kalasi ndi teremu. Pansi pake mizere yolunjika: dzina la mwana, nambala ya mayeso, maphunziro onse motsatana, kenako chiwerengero chonse. Timabokosi tolembamo mphunzitsi tinali toyera. Timene kompyuta inkadziwerengera yokha tinali totuwa, ndipo tinali tokhoma. Malikisi akachepera theka, kabokosiko kankafiira kokha.

Fomu yabwino ena akanatha kuijambula. Chimene chinali cha iwo okha ndi pulogalamu ya pakompyuta imene analemba. Inkatenga mndandanda wa ana a zoni yonse, itsegule chikombole chija, ilembe dzina la sukulu pamwamba, itsitse mayina a ana a kalasi imodzi, ijambule malire a timabokosi mpaka pamene mayina athera, isunge fayiloyo ndi dzina lake, iyambe ina. Madzi a tiyi asanawire, mafayilo a masukulu onse ali ndandanda. Tinkawatengera pafulashi, kachipangizo konyamulira mafayilo kaja, tidzaze malikisi, tibweze. Kenako pulogalamu yachiwiri inkasonkhanitsa zonse n'kutulutsa lipoti la mwana aliyense loti apite nalo kwa makolo.

Mmene anaphunzirira anandiuza okha, tsiku lina tikudikira mvula kuti ikate. Kunachitika maphunziro a sabata imodzi pa boma, a anthu osankhidwa. Iwo sanaitanidwe, poti anali atatsala chaka chimodzi kuti apume. Anangowatuma kukalemba mayina a obwera ndi kuyang'anira tiyi. Anakhala kumbuyo pafupi ndi beseni la makapu, n'kumakopera m'kope lachikuto cholimba chilichonse chimene wophunzitsayo ankalemba pabolodi, madontho ndi mipata yomwe. Tsiku lachitatu munthu uja anaonetsa mmene ungalembere malangizo oti kompyuta itsegule yokha fayilo, ilembe m'timabokosi, isunge. Osankhidwa aja ankayasamula. A Nambewe anati tsiku limenelo anthu anamwa tiyi wozizira, ndipo sanapepese. Zinawatengera pafupifupi chaka kuti pulogalamu yoyamba iyende. Pambali pa mzere uliwonse m'kope lija ankalemba m'Chichewa zimene mzerewo ukuchita: apa akutsegula, apa akuwerenga dzina, apa akusunga.

Anali ndi malamulo awo. Sankapereka fayilo kwa munthu asanasindikizeko tsamba limodzi n'kuliyang'ana pawindo. Tebulo linkayenera kukwana papepala limodzi chopingasa, osati masamu kutsala patsamba lachiwiri. Malo a dzina ankawatambasula mpaka dzina lalitali kupambana onse likwane, chifukwa ankati mwana asadulidwe mchira wa dzina lake ngati mbuzi yolowa m'munda. Nambala za mayeso zoyamba ndi ziro kompyuta inkakonda kuzimeza ziro wakeyo, ndiye iwo anaiuza kuti m'timabokosi timeneto izitenga nambala ngati mawu. Za kukongoletsa analibe nazo ntchito. Ankati mtundu uliwonse pafomu uzikhala ndi chimene ukunena, apo ayi uchoke.

Apa ndipo anayambanirana ndi a Zulu, a hedi a sukulu ina ku Zingalume. A Zulu ankakonda zinthu zooneka bwino. Fayilo ikafika kwa iwo, ankawonjezera mizere iwiri pamwamba, aphatikize timabokosi, alembe mwambi wa sukulu yawo ndi zilembo zazikulu zobiriwira. Pobwerera ku Pembamoyo, pulogalamu ija inkapeza mwambi pamene inkayembekezera dzina la mwana woyamba, n'kuima. A Nambewe anawachenjeza kawiri. Kachitatu anakhoma pamwamba ponse.

Pamsonkhano wotsatira a Zulu anaimirira. "Amayi, fomu yanuyi ndi ndende. Ine hedi wathunthu sindingalembe mwambi wa sukulu yanga pa pepala la sukulu yanga?"

"Lembani pakhoma, a hedi. Penti ilipo."

Anthu anaseka, a Zulu anakhala pansi nkhope itagwa, ndipo kwa teremu yathunthu ankatumiza malikisi awo olembedwa pamanja, kudzera kwa woyendetsa ngolo. A Nambewe ankawatayipa okha. Teremu inayo, a Zulu potsegula fayilo yawo anapeza pansi penipeni, kunja kwa tebulo, kabokosi kakatali koyera, ndipo pambali pake palembedwa kuti "Mwambi wa sukulu". A Nambewe anali atakaika m'chikombole momwemo, moti masukulu onse anakalandira. Awiriwo sanakambiranepo za nkhaniyo. Pamaliro paja, a Zulu ndiwo ananyamula bokosi kutsogolo.

Ine ndinakangana nawo pa nkhani ya mwana wodwala. Timabokosi ta malikisi tinkangolandira nambala, ndipo ine ndinkafuna kulemba kuti mwanayo sanalembe chifukwa anali kuchipatala. Ndinawauza kuti ziro ndi bodza, poti mwanayo sanalephere. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali, kenako anati ndisiye kabokosiko kopanda kanthu, ndipo anawonjezera malo a chifukwa kumapeto kwa mzere. Sanandiuze kuti ndanena zoona. Sankatero. Analinso ouma manja ndi ntchito yawo. Kope lija sankabwereketsa, ndipo ukayandikiza chala pakompyuta yawo ankachimenya ngati cha mwana woba ndiwo.

Zimenezo zinasintha chifukwa cha Dailesi Phiri.

Chaka chimenecho m'kalasi mwanga munali a Dailesi Phiri awiri, osakhala pachibale. Tinkawasiyanitsa ponena kuti wamkulu ndi wamng'ono. Wamng'onoyo anali mwana wanzeru, wosalankhulalankhula, amene masamu ankawamaliza anzake akusongola mapensulo. Wamkuluyo sukulu inkamuvuta. Tinalemba moko, ndinadzaza malikisi, ndinatumiza. Malipoti anabwera tsiku lotsekera lenilenilo, atapindidwa kale, ndipo ndinawagawa pakhomo la kalasi osatsegula ngakhale limodzi. Zochokera kwa a Nambewe tinali titasiya kuziyang'ana.

Titatsegulira teremu yachitatu, Dailesi wamng'ono sanabwere. Sabata yoyamba ndinati mwina ndi malungo. Yachiwiri ndinafunsa ana a kumudzi kwawo, ndipo mtsikana wina anati, "Atate ake anamuletsa, aphunzitsi. Akuti analephera zonse."

Ndinatsegula buku langa la malikisi. Dailesi wamng'ono anali wachiwiri m'kalasi monse. Mayeso enieni anali atatsala milungu yowerengeka.

Mmawa mwake ndinapalasa njinga mpaka ku Pembamoyo. A Nambewe anamvetsera osandidula. Anatsegula fayilo imene ndinatumiza, malikisi anali bwinobwino. Anatsegula malipoti, ndipo a Dailesi onse awiri anali ndi malikisi ofanana, a wamkulu uja, timabokosi tofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anatenga kope lawo, natsitsa chala pamizere, naima pamzere wina, natembenukira kwa ine.

"Si inu, a Tembo. Ndine. Ndinaiuza kuti izifunafuna mwana ndi dzina. Yapeza dzina limodzi kawiri, wachiwiri wafufuta woyamba."

Ndinati nanenso ndinalakwa posayang'ana malipoti. Anati zimenezo ndikambirane ndi mtima wanga, iwo akunena za mbali yawo. Pompo anasintha mzerewo kuti mwana azidziwika ndi nambala yake ya mayeso, kenako anafufuza masukulu onse ngati kunali mayina ena obwereza. Anapeza m'masukulu ena awiri. Analembera a hedi ake makalata, nasindikiza malipoti atsopano. Ine ndinatambasula dzanja kuti nditenge la Dailesi ndikapereke.

"Ayi. Ndikapereka ndekha. Inu mukatenge mapepala amene mwanayo analemba ndi dzanja lake, onse."

Nthawi imeneyo anali atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo bondo lakumanzere linkawavuta. Tsiku lotsatira anakwera minibasi mpaka pamphambano, ine ndinawanyamula panjinga, ndipo pamene njira inasanduka mchenga tinayenda pansi. Kunali kotentha, anthu akusosa m'minda. Tinapeza a Phiri, atate a Dailesi, akukonza goli la ng'ombe pansi pa nkhokwe. Akazi awo anali gone pamkeka pakhonde, akuoneka kuti adwala nthawi yaitali. Dailesi anali kuseri akusenda mtedza, ndipo atationa analowa m'khitchini.

A Phiri anatipatsa mipando. A Nambewe anakana, nakhala pamkeka pafupi ndi mayi wodwalayo. Titapatsana moni anayamba okha.

"Bambo, ine simundidziwa. Ndine ndimapanga mapepala a sukulu amene ana amabwera nawo kunyumba. Ndabwera kudzapepesa. Pepala limene mwana wanu anabweretsa si lake. Ndinamupatsa malikisi a mwana wina."

A Phiri anaika goli pansi. Analowa m'nyumba, natuluka ndi lipoti lija, nalitambasula pabondo.

"Ine kuwerenga kwanga nkochepa, amayi. Koma zofiirazi ndikuziona. Ndinafunsa mnzanga, anati kufiira ndiko kulephera. Amayi akewa mukuwaona mmene alili. Ndinati ngati sukulu yamukana, bola athandize pakhomo. Mwanayo analira, amvekere sindinalephere, ine ndinamukalipira kuti akutsutsana ndi makina." Analoza lipotilo. "Ndiye mukuti makina amanama?"

"Makina sanama, bambo. Amachita zimene wawauza. Amene anawauza zolakwika ndine."

Anapereka lipoti latsopano ndi manja awiri. A Phiri analiyang'ana, loyera lopanda chofiira, naliika pambali pa loyamba lija.

"Ili latuluka kuti?"

"M'makina omwewo."

"Nanga ndidziwa bwanji kuti loona ndi ili, osati ilo?"

Ine ndinayamba kufotokoza za nambala za mayeso, koma a Nambewe anandigwira mkono. Anati funsolo nlabwino, ndipo iwo akanakhala kholo akanafunsa lomwelo. Anandiuza nditulutse mapepala a mayeso aja. A Phiri anaitana mwana wawo. Dailesi anabwera, nagwada patali, maso pansi.

"Dzanja ili ndi lako?"

"Ndi langa, atate."

"Ili?"

"Ndi langa."

Anadutsa mapepala onse, limodzilimodzi, akuyang'ana zochonga zanga m'mbali. Atamaliza sanayang'ane mwanayo. Anayang'ana kumunda. Amene analankhula ndi mayi wodwala uja, ndi mawu otsika, kuti iwo madzi angathe kumatungiridwa ndi apongozi awo, mwana apite. A Phiri anati amva, koma ayenera kukambirana ndi amalume ake a mwanayo, poti anali atawauza kale kuti sukulu yatha. Anatipatsa mtedza m'kathumba. Pobwerera ndinawaperekeza a Nambewe mpaka pamphambano. Pamenepo anangoti mwana uja ananena zoona kwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo pepala lawo ndilo linkamutsutsa.

Dailesi anabwera Lolemba lotsatira, amalume ake atamuperekeza mpaka pakhomo la kalasi. Analemba mayeso, anakhoza, anapita giredi 8. Pamaliro paja ndinamuona pakati pa atsikana otunga madzi, wamtali tsopano, ndipo tinangopatsana moni.

Kuchokera nthawi imeneyo chikombole chinasintha m'malo awiri. Kufiira kunatsala pamafomu a aphunzitsi okha, malipoti opita kwa makolo anakhala oyera. Ndipo pansi pa lipoti lililonse panabwera mzere woti mphunzitsi asayine ndi cholembera kuti wafananiza ndi buku lake. Ena tinadandaula kuti ntchito yachuluka. Anati amene watopa kusayina abwere amuuze nkhani ya ku Mlolo, ndipo ankaifotokozadi, pamsonkhano uliwonse pamene pali aphunzitsi atsopano, osachotsa mbali yawo.

Anayambanso kuphunzitsa. Loweruka lililonse mmawa ankakhala ndi aphunzitsi awiri aakazi, a Sakala ndi a Daka, kope lija lili lotsegula pakati pawo. Ankati cholakwa chimene chili m'mutu mwa munthu mmodzi chilibe wochiona. Kuphunzitsa kwawo sikunali kofatsa. A Daka anasiya patapita miyezi iwiri, akuti atopa kukalipiridwa ngati mwana wa giredi 1. A Sakala anapirira. Ndiwo anatulutsa mafomu a teremu ino, a Nambewe ali chigonere kunyumba, miyendo itatupa. Ndimamva kuti a Sakala anawapititsira tsamba limodzi losindikiza, ndipo iwo anapempha kuti atsegule windo, analiyang'ana, nati malo a dzina apanikizika. A Sakala anakakonza, nabwera nalo mawa lake. Analiyang'ananso, nalibweza osanena kanthu, ndipo a Sakala akuti anatuluka panja n'kulira, poti ankadziwa kuti kukhala chete kumeneko ndiko kuvomereza kwawo.

Dzulo ndinapita ku Pembamoyo kukasiya fulashi. Chitseko cha kachipinda kaja chimafuna kuchinyamula pang'ono kuti chitseguke, ndipo ndinaima kaye panja ngati mmene tinkachitira, kudikira kuitanidwa. Mkati munali mosesedwa. Kompyuta inali yofunditsidwa ndi chitenje chakale chothothoka maluwa. Pamsomali pakhoma pakadali ambulera ya a Nambewe yothyoka nthiti imodzi, imene achibale anaiwala kapena sanaifune. Mpando uli pomwepo, ndi katsamiro kamene anadzisokera okha, kolowa pakati. Pawindo mavu ayamba kumanga, chinthu chimene chikanatha tsiku lomwelo iwo alipo.

Pansi pa tebulo pali kachipika ka mlombwa. A Nambewe anali afupi, miyendo sinkafika pansi akakhala pampando umenewo, ndiye ankapondapo. Kasalala malo awiri, pamene pankafika zidendene. A Sakala ndi aatali, sakafuna, ndipo kamawapinga akamagwira ntchito. Ndinaona m'fumbi kuti tsache limangodutsa mokazungulira.